Nkhope za Makolo Zili M'manegetivu



Amene munajambulitsapo chithunzi mafoni asanabwere mukukumbukira kuti kotsukitsa zithunzi ankakupatsani envulopu ya matumba awiri. M'thumba lalikulu munkakhala zithunzi zenizenizo. M'kathumba kakang'ono munkakhala timizere tofiirira, toboolaboola m'mbali, timene ukatiyang'anira kudzuwa unkaona anthu a tsitsi loyera ndi mano akuda bii. Zithunzi zinkapita mu alubamu, pakhoma kapena m'kabati ya pabalaza. Timizere tija, manegetivu, tinkatsalira mu envulopu mpaka ana atatipeza n'kuyamba kuseweretsa.

Lero tikambe za kukopera zithunzi zakale kuti zilowe m'foni kapena m'kompyuta, ntchito imene ambiri akuti kuchita sikani. Koma tisanafike pa makina, ndikupempheni chinthu chimodzi: ngati manegetivu a pabanja panu akadalipo, musawataye. Ndi ofunika kuposa chithunzi chimene chili pakhomacho.

Ndifotokoze chifukwa chake. Tsiku lija mayi anu ataima pakhomo pa tchalitchi atavala diresi laukwati, kuwala kochokera pankhope pawo kunalowa m'kamera n'kugwera pa filimu. Filimu imeneyo ndiyo negetivu. Chithunzi cha papepala chinadza pambuyo, ndipo chinadutsa m'makina otsukira zithunzi. Makinawo ankayeza kuwala kwa chithunzi chonse n'kusankha okha kuti chituluke chowala bwanji. Tsono taganizani: dzuwa lamasana la mu October, khoma lopaka laimu, diresi loyera mbee, malaya a mkwati oyeranso. Kuti diresi lisapserere papepala, makina ankadetsa chithunzi chonse, ndipo nkhope zathu zinkatsala zakuda, maso ndi mano okha kuoneka. Ndani mwa ife alibe chithunzi chotere kunyumba?

Pali china chimene chinkawonjezera vutoli. Kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu, lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu. Makhadiwa amadziwika ndi dzina loti Shirley. Wotsuka ankakonza makina ake mpaka khungu la mayiyo litaoneka bwino, basi makina akonzeka. Khadi lokhala ndi anthu a makungu osiyanasiyana linabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1990. Choncho agogo anu akaoneka ngati mthunzi pachithunzi, musafulumire kunena kuti wojambula anali wosadziwa ntchito. Nthawi zambiri negetivu inagwira zambiri kuposa zimene pepala linatulutsa: makwinya a pachipumi, mphini za patsaya, ndolo, mkanda wa m'khosi. Mukaikopera bwino negetivuyo n'kuwalitsa pang'ono malo amdimawo pa kompyuta, nkhope imatuluka. Si nthawi zonse, chifukwa ngati kuwala kunali kochepa kwambiri tsikulo ndiye kuti filimu sinagwire kanthu. Koma zikatheka, munthu umaona agogo ako monga sunawaonepo. Kutaya negetivu n'kusunga chithunzi kuli ngati kugayitsa chimanga cha mbewu n'kumanyadira kuti ufa wadzaza lichero.

Ena mukuti, "Ife manegetivu sankatipatsa." Zoona. Wojambula woyendayenda uja, amene ankabwera pa njinga Lamulungu kapena tsiku la msika, kamera ili m'khosi, ankajambula mabanja ambiri pa filimu imodzi ya zithunzi 24 kapena 36. Ikadzaza ankapita nayo m'tauni kokatsukitsa, n'kubwera patatha sabata kapena ziwiri kudzatolera ndalama yotsala. Manegetivu ankasunga yekha, kuti mukafuna kope lina mubwererenso kwa iye. Masitudiyo a pa boma nawonso ankatero. Ndiye ngati m'dera lanu muli bambo wachikulire amene ankajambula kale, kapena ana ake, pitani mukawaone. Mwina pansi pa bedi pawo pali katoni imene muli maukwati, maubatizo ndi matimu a mpira a dera lonse.

Musaipeputse katoni yoteroyo. Ku Bamako, m'dziko la Mali, kunali wojambula wina, Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo yake mu 1948. Ankajambula anthu wamba atavala zovala zawo zabwino, wina atagwira wailesi, wina atatsamira njinga yamoto, monga ankachitiranso makolo athu. Iye anasunga manegetivu ake. M'zaka za m'ma 1990 manegetivuwo anatsukidwanso, zithunzi n'kutuluka zikuluzikulu, kukaonetsedwa ku Paris ndi m'mizinda ina, ndipo lero dziko lonse limamudziwa. Akanati atayire kudzala, bwenzi kutangotsala tizithunzi ting'onoting'ono tomwazikana m'masutikesi a anthu.

Ntchito ya filimu inagwa mofulumira kwambiri. Kodak inasiya kupanga filimu yake yotchuka ya Kodachrome mu 2009, malo omaliza padziko lonse otsukira filimuyo, ku Parsons m'chigawo cha Kansas ku America, analandira mafilimu omaliza kumapeto kwa 2010, ndipo mu January 2012 Kodak inakapempha khoti kuti liiteteze kwa angongole. Chodabwitsa n'chakuti kamera yoyamba ya dijito inapangidwa ndi injiniya wa Kodak yomweyo, Steve Sasson, mu 1975. Kwathu kuno masitudiyo ambiri anasanduka mashopu a zina, ndipo posamuka makatoni a manegetivu ndiwo ankayamba kutayidwa.

Otsalawo nawonso sakhala mpaka kalekale. Chithunzi cha mitundu chimapangidwa ndi utoto wa mitundu itatu, ndipo utotowu susuluka mofanana. Wina ukayamba kutha, winawo umatsala wokha, n'chifukwa chake zithunzi zambiri za m'ma 1970 ndi 1980 zasanduka zofiira kapena zachikasu. Kutentha kumafulumizitsa zimenezi, ndipo thiranki yokhala pansi pa denga la malata imatentha chaka chonse. Chinyezi cha m'dzinja chimabweretsa nkhungu, imene imadya kamnofu kopyapyala ka pamwamba pa filimu, pamene pali chithunzi chenichenicho. Mukaona timizu toyera tayala pa negetivu ngati ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu. Chonde musaitsuke ndi madzi: pamene nkhungu yadya pamasungunuka, chithunzi n'kutsala kuchala kwanu. Ndipo mukatsegula bokosi n'kumva fungo la viniga, dziwani kuti pulasitiki wa filimuyo wayamba kuwola. Zikayamba choncho sizibwerera m'mbuyo. Ipatuleni kwa zinzake chifukwa mpweya wakewo umawononganso zoyandikana nayo, ndipo muyambe ndi imeneyo pokopera. Za chiswe ndi mphemvu sindinena, mukuzidziwa.

Tiyeni tsopano pa ntchito yeniyeni. Tiyambe ndi zithunzi za papepala, poti ndizo ambiri tili nazo, ndipo chida chimene ambiri tili nacho ndi foni.

Foni imatha, bola musachite mwachidule. Sambani m'manja, muumitse. Pukutani diso la kamera ya foniyo, chifukwa limakhala ndi mafuta a zala. Chithunzi chiikeni pamalo osalala, pansalu yakuda kapena papepala lopanda zolemba, pakhonde pamthunzi kapena pafupi ndi windo. Osati padzuwa, osatinso pansi pa babu usiku, ndipo fulashi ikhale yozima: zonsezi zimasiya chibanga choyera pakati pa nkhope. Foni iyang'ane chithunzi molunjika kuchokera pamwamba. Ikapendekeka, mutu wa munthu umatalika kapena kufupika. Njira yosavuta ndi kusanjikiza mabuku mbali ziwiri, kugoneka kathabwa kapena rula pamwamba, foni n'kukhala pamenepo, diso lake likusuzumira pansi. Kenako tcherani kuti ijambule yokha pakatha masekondi atatu, dzanja lanu lisaigwedeze. Chithunzi chikakhala chonyezimira kwambiri, pali pulogalamu ya Google yotchedwa PhotoScan, imene inatuluka mu 2016: imakuuzani kuti musunthire foni kungodya zinayi, ndipo imaphatikiza zimene yajambulazo n'kuchotsa kunyezimira.

Chithunzi chimene chamatirira pagalasi la fulemu musachikoke, chidzang'ambika nkhope n'kutsalira pagalasi. Chijambuleni chili momwemo. Chimodzimodzi maalubamu aja a masamba omata, okutidwa ndi pulasitiki: ngati chithunzi chakana kuchoka, tukulani pulasitiki yekhayo n'kujambula tsamba lonse. Ndipo pano ndikweze mawu pang'ono. Musalaminete chithunzi chakale. Tinazolowera kulamineta masatifiketi ndiye tikuganiza kuti ndi chitetezo. Makina aja amatentha ndiponso amamata ndi guluu, ndipo chimene alowetsa sichitulukanso.

Ngati mungapeze sikana, kaya yanu, ya kuntchito ndi chilolezo, kapena ya pashopu pamene amapanga fotokope, ndi bwino kuposa foni chifukwa kuwala kumakhala kofanana paliponse. Koma musangopereka zithunzi n'kukhala pabenchi. Imani pafupi, munene zimene mukufuna. Nenani kuti aike pagalasi chimodzichimodzi, asalowetse kukamwa kwa makina kumene amakokera mapepala, poti mawilo ake amakanda ndi kupinda. Nenani kuti 600 dpi. Dpi ndi kuchuluka kwa timadontho timene makina amawerenga pa inchi iliyonse. 300 imakwanira ngati mukungofuna kope lofanana kukula ndi loyambalo, koma 600 imakulolani kukulitsa kawiri. Kachithunzi kakang'ono ka pachiphaso, ngati tija timapezeka m'mapepala a agogo amene anakagwira ntchito kumigodi ku Joni pa Wenela, kachiteni pa 1200. Nenani kuti asunge ngati chithunzi, JPEG yosafinyidwa kwambiri kapena TIFF, osati PDF. Ndipo ngakhale chithunzi chikhale chakuda ndi choyera, achikopere ngati cha mitundu, chifukwa kufiirira kwake ndi zidindo zake ndi mbali ya mbiri yake. Kuseri kwake nakonso kukoperedwe. Kumeneko ndi kumene kumakhala chidindo cha situdiyo ya ku Bulawayo kapena ku Kitwe, deti, ndi mawu amene mwini wake analemba ndi dzanja lake potumiza kumudzi.

Negetivu ndi nkhani ina, chifukwa kuwala kumayenera kudutsa mkati mwake. Mukaigoneka pa sikana wamba mudzangopeza chidima. Pamafunika sikana yokhala ndi nyale kuchivindikiro, ngati Epson V600, kapena makina opangidwira filimu yokha, ngati a Plustek. Kachithunzi kamodzi pa filimu ya 35mm ndi kakang'ono, mamilimita 24 m'lifupi ndi 36 m'litali, choncho pamafunika 2400 dpi kapena kuposerapo. Pa 2400 mumapeza timadontho pafupifupi 8 miliyoni, tokwanira kusindikiza chithunzi chachikulu ngati pepala la A4. Ena mwa makinawa amachotsa okha fumbi ndi mikwingwirima pogwiritsa ntchito kuwala kumene maso athu sakuona. Zimagwira bwino pa filimu ya mitundu, koma pa filimu yakale yakuda ndi yoyera muzimitse, chifukwa chithunzi chake ndi cha siliva ndipo makinawo amayesa siliva yenseyo ndi fumbi.

Makina oterewa ndi odula, ndipo sindingauze banja limodzi kuti ligule chifukwa cha envulopu zitatu. Koma mpingo, sukulu yakale kapena bungwe la anthu ochokera mudzi umodzi lingathe kusonkherana. Wachibale wa ku Johannesburg kapena ku Leeds akafunsa kuti abweretse chiyani pa Khirisimasi, muli ndi yankho.

Podikira zimenezo, foni ingakuthandizeni kuona zimene zili m'manegetivumo. Pamafunika mafoni awiri. Ina ikhale nyale: tsegulani tsamba loyera, muwalitse mpaka pamapeto, muigoneke chagada. Negetivu isagone pagalasi la foniyo, apo ayi timadontho ta sikirini tidzaoneka pachithunzi. Dulani kawindo pa katoni, muike negetivu pakawindopo, katoniyo ikwere m'mwamba ngati zala ziwiri. Gwirani m'mbali mokha. Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa. Musauzire ndi pakamwa poopa malovu, musapukute ndi chitenje. Filimu ili ndi mbali yonyezimira ndi mbali yosanyezimira. Yonyezimirayo iyang'ane kwa inu, ndipo mudzadziwa kuti mwakhoza mukaona kuti zilembo za m'mphepete, Kodak, Fuji, Agfa kapena Konica, zikuwerengeka bwinobwino. Mukalakwitsa, mphete yaukwati idzapezeka kudzanja lina. Tsekani makatani, jambulani ndi foni inayo, kenako mutembenuze mitundu ndi pulogalamu yosinthira manegetivu. Yakuda ndi yoyera imatuluka mosavuta. Ya mitundu imavutirapo: kufiirira kuja kukatembenuzidwa zonse zimaoneka zobiriwira ngati za pansi pa nyanja, ndipo pamafunika kuleza mtima pokonza. Zotsatira zake sizifika pa za sikana, koma mumadziwa kuti mwa mizere makumi asanu, isanu ndi iti yoyenera kuilipirira.

Masilaidi ndi osowa m'nyumba zathu. Ndi tizithunzi ta filimu tokhala m'kafulemu ka katoni kapena pulasitiki, masentimita 5 mbali zonse, timene ankaonetsa pakhoma ndi pulojekita. Njira yake ndi yomweyo, kungoti safuna kutembenuza mitundu. Ankakonda kujambula masilaidi ndi amishoni, madokotala ndi aphunzitsi ochokera kunja, kotero zithunzi zambiri za midzi, zipatala ndi sukulu zathu za m'ma 1960 zili m'makatoni ku Scotland, ku Netherlands, ku Canada ndi ku America. Ngati mpingo wanu umalemberanabe ndi anzawo a kunja, funsani. Kuno kwathu, National Archives ku Zomba ndi Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre amasunga zithunzi zakale.

Tsopano ndifike pa chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri. Kwabuka mapulogalamu a m'foni amene akuti amakonza zithunzi zakale. Mumaika chithunzi chosaoneka bwino, pakangotha kamphindi chatuluka chowala, khungu losalala, maso akuthwa, mwinanso chapakidwa mitundu. Pa gulu la banja la WhatsApp anthu n'kumaombera m'manja. Koma tayang'anitsitsani. Pulogalamuyo sinawaonepo agogo anu. Pamene chithunzi chafufutika, iyo imalowetsapo mphuno, milomo ndi maso zimene yaphunzira pa nkhope za anthu ena miyandamiyanda. Mphini imaziyesa zikande n'kuzifafaniza. Mpata wa pakati pa mano imautseka. Nthawi zina imayeretsa khungu, ndipo mtundu wa chitenje imangoganizira. Kuwalitsa negetivu ndi kutulutsa zimene kamera inagwira tsikulo. Izi ndi kupeka zimene kunalibe. Vuto lake n'lakuti chopekacho ndicho chimafala, ndicho chimasindikizidwa pa tisheti ndi pa pulogalamu ya mwambo woika chiliza, ndipo pakapita zaka makumi awiri adzukulu adzaloweza nkhope ya munthu amene sanakhaleko. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ngati mukufuna kuseweretsa mapulogalamuwa, seweretsani pa kope lachiwiri, mulembepo kuti lakonzedwa. Kope loyamba likhale monga latulukira, ndi ming'alu yake yomwe.

Musadulenso m'mbali pofuna kuti nkhope ikule. Simudziwa chimene a mawa adzafune kuona. Pali chithunzi cha mu 1914 chojambulidwa pa tchalitchi chatsopano cha PIM ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Chikuonetsa M'busa John Chilembwe ataima ndi mmishonale wachizungu, John Chorley. Tchalitchicho boma la atsamunda linachigumula pambuyo pa kuukira kwa mu 1915, koma chithunzi chinatsala. Patapita zaka zoposa 100, katswiri wa zaluso wa kwathu kuno, Samson Kambalu, anaona kanthu kamene ena akanangokadutsa: Chilembwe wavala chipewa pamaso pa mzungu, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula. Pa chipewa chimenecho ndi pamene panachokera chiboliboli chake chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu September 2022. Pa chithunzi chanu kanthu koteroko kangakhale nambala ya basi, chikwangwani cha golosale, nyumba yaudzu imene pano pali msewu, kapena mwana amene wasuzumira kumapeto, amene lero ndi mfumu.

Mukamaliza kukopera, musasiye mafayilo ali ndi mayina a manambala amene foni imapereka. Tengani foniyo mupite kwa azakhali kapena amalume, mukulitse chithunzi ndi zala, mufunse kuti, "Azakhali, awa ali kumanzerewa ndi ndani? Apa ndi pati?" Tsegulani chojambulira mawu pamene akufotokoza. Dzina la fayilo likhale ndi chaka, malo ndi anthu. Kuseri kwa chithunzi cha papepala lembani ndi pensulo yofewa, osati bolopeni, chifukwa inki imalowerera ndipo nsonga imaboola. Musanaike pa Facebook, funsani kaye. Pali zithunzi za maliro, za odwala ndi za kuchinamwali zimene eni ake anajambulitsa kuti zikhale za m'nyumba.

Potumizira achibale pa WhatsApp, tumizani ngati dokyumenti. Mukatumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachifinya kuti chisadye bandulo, ndipo ntchito yonse ya 600 dpi ija imathera pomwepo. Kusunga kwake, makope akhale atatu: lina m'kompyuta kapena m'foni, lina pa flashi kapena hadi disiki, lachitatu kutali ndi nyumba yanu, kwa mchemwali wanu wa boma lina kapena pa intaneti, pamene akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere. Foni imabedwa, memore khadi imangofa osatsanzika. Zithunzi khumi zofunika kwambiri kazisindikizeninso papepala mugawire abale. Zoyambirirazo, pamodzi ndi manegetivu, zibwerere m'maenvulopu a pepala, m'bokosi lokhala pamwamba, m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi khitchini ndi khoma lolowa madzi. M'jumbo musaikemo, imasunga chinyezi.

Anthu a ku Chilobwe, ku Phalombe ndi ku Mulanje amene anaona namondwe wa Freddy mu March 2023 akudziwa kuti madzi salola munthu kusankha chonyamula. Ngati zithunzi zanyowa ndi matope, musazisiye ziume zitamatana. Ziviikeni m'madzi oyera ozizira, muzilekanitse pang'onopang'ono zikadali zonyowa, osakhudza pankhope pake, muzitsukuluze, kenako muziyale chagada pansalu youma pamthunzi podutsa mphepo. Osaziyanika padzuwa, osaziwamba pamoto, osazisita. Zikauma zidzapindika, zipanikizeni pakati pa mabuku kwa masiku angapo, ndiyeno muzijambule.